Nangumi wa Asewere Anga

Mwana wanga Eilif anandiimbira foni Lachiwiri ndikutsuka fuliji. Atangoyamba ndi mawu akuti "Mama, musakwiye," ine ndinakwiyiratu kuti tisatayitsane nthawi.

Nkhani yake inali yakuti makolo a Wiebke, mtsikana amene ankafuna kumukwatira, anali atanyamuka kale ku Germany pa chigalimoto chawo chogonamo, akubwera kudzationa. Ukwati unali utatsala milungu isanu, ndipo Wiebkeyo anali kale ndi pathupi pooneka ndi wakhungu yemwe. Mayi ake, a Hannelore, anali ndi pempho limodzi lokha, loti mabanja awiriwa tikakumane ku Andenes ndi kukwera boti kukaona anangumi.

"Ndiye vuto lili pati?" ndinafunsa. "Anangumi alipo, sanasamuke."

"Vuto ndi agogo."

Ndinatseka fuliji. Bambo anga a Oddmund anakhala zaka makumi anayi ndi chimodzi ataima kutsogolo kwa boti, kuseri kwa mzinga woponya mkondo, akuwombera anangumi. Pachilumba chathu cha Skrova imeneyo ndi ntchito ngati ntchito ina iliyonse, kungoti imanunkha kuposa zina. Nyumba imene ndikukhalamo, sukulu imene ndinaphunzira, ngakhale mawaya amene anawongola mano a Eilif, zonse zinachokera pa mzinga umenewo.

Tsono a Hannelore, malinga ndi Eilif, anali ndi nangumi wawowawo. Bungwe lina limapereka satifiketi yonena kuti mwatenga nangumi wakutiwakuti ngati mwana wanu, ndipo wawo anali Gustav. Satifiketiyo inali m'felemu pabalaza, pamwamba pa chithunzi cha Wiebke. Mayi yemweyu anakhala zaka khumi ndi chimodzi osalankhula ndi mng'ono wake chifukwa cha jekete laubweya wa nyama.

"Akangodziwa, ku ukwati sabwera," anatero Eilif. "Wiebke akungolira, Mama. Akufuna mayi ake akakhalepo."

"Nanga munawauza kuti agogo ako ankatani?"

"Msodzi."

"Msodzi wa chiyani?"

"Sanafunse."

"Bwanji tingowasiya kunyumba?"

"Anaona chithunzi chawo. Akuti akufuna kukumana ndi nkhalamba yeniyeni ya panyanja, ya ndevu."

Madzulo ake ndinawapeza Bambo akusenda mbatata, ndipo ndinawafotokozera zonse mozungulira ngati ndikupempha mchere. Iwo anangopitiriza kusenda.

"Ukufuna ndinene bodza?"

"Ayi, bodza ayi. Mungotseka pakamwa."

"Tsiku lonse?"

"Maola asanu okha."

"Mayi ako anayesa zaka makumi anayi, anafa atalephera."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpeni uli m'manja, kenako anati, "Chabwino, Gunnvor. Ndalonjeza." Ndipo Bambo akalonjeza ndiye kuti akhoma msomali.

Loweruka m'mawa ndinawasecha ngati wapolisi. Ndinawavula juzi imene inali ndi dzina la boti lawo lakale pachifuwa. Ndinachotsa dzino la nangumi limene limalendewera ku makiyi awo. Ndinawaletsa chipewa chimene chimanunkha mafuta ngakhale mutachichapa kasanu. Chimodzi chokha ndinaiwala, ndicho kamba wa paulendo. Munthu wa kwathu sachoka pakhomo popanda timagawo take ta buledi todzola batala, ndiwo pamwamba, kapepala pakati, zonse zokulunga bwinobwino, ndipo palibe amene amafunsa mnzake kuti wakulungamo chiyani. Bambo anakonza wawo ine ndikusamba.

Andenes ndi tauni imene mphepo imakulonjerani anthu asanakuoneni. Ndinali nditatha zaka zambiri osafikako, ndipo ndinapeza kuti aliyense akudyera nangumi popanda kumukhudza: zidole za nangumi, makapu a nangumi, masokosi a nangumi, mpaka sopo. Bambo ananyamula chidole chimodzi pasitolo ya padoko, nachitembenuza, nandinong'oneza kuti amene anachisoka sanaonepo nangumi kumimba. Ndinawaponda phazi.

A Hannelore tinawadziwira patali. Anali mayi wamtali, wa jekete lachikasu, ndolo za mchira wa nangumi m'makutu, kamera yaitali ngati mkono ili pakhosi. Anandikumbatira mpaka msana unalira, kenako anagwira ndevu za Bambo ndi manja awiri ngati akusankha kabichi. Kumbuyo kwawo kunali amuna awo a Dietmar, bambo wamfupi, wofatsa, amene anasiya nyama zaka makumi awiri zapitazo, osati chifukwa cha dokotala koma chifukwa cha ukwati. Tonse tinkalankhulana m'Chingerezi chothyokathyoka. Ndisabise, asewere angawa ndinawakonda. Anali aphokoso ngati ine ndemwe.

Eilif ndi Wiebke anatsala padoko chifukwa cha pathupi paja. Eilif anandiyang'ana ndi maso a galu wosiyidwa pakhomo, ine ndinamukwezera chala chachikulu.

Tikukwera m'boti, Bambo anangoti njo pamlatho. Ndinaona chimene anaona. Botilo linali lopakidwa penti wabuluu, la mabenchi ndi zithunzi zokongola, koma linali boti lakale losakira anangumi. Kutsogolo kwake, pansi pa penti, kunali kukuonekabe mitu inayi ya mabawuti pamene pankakhala mzinga. Ndipo ngati kuti zimenezo sizinakwane, woyendetsa botilo, nkhalamba inzawo ya mutu wa dazi, anatulutsa mutu pawindo nakuwa m'chinenero chathu.

"Oddmund wa ku Skrova! Satana sanakutengebe?"

"Akudikira kuti uyambe ndiwe, akuti moto sunakwane tonse awiri!"

"Wabwera chimanjamanja lero? Chitsulo chako wasiya kuti?"

Ndinamuponyera diso limene limaumitsa mkaka. Mutu wa dazi unabwerera m'kati.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Hannelore.

"Akuti nyengo ili bwino," ndinatero.

Nyengo sinali bwino. Titangotuluka padoko, nyanja inayamba kutiponya uku ndi uku, ndipo pasanathe ola limodzi theka la alendo linali litatsamira m'mbali mwa boti, likubwezera nyanja chakudya cha m'mawa. Anthu alipira ndalama zawo, abwera kuchokera ku Spain ndi ku Japan, kudzasanza pamaso pa anzawo. Mayi wotitsogolera ankatimvetsera pa sipika phokoso la pansi pa madzi, kuti tha, tha, tha, ngati munthu akukhoma misomali kutali, natiuza kuti ameneyo ndi nangumi akusaka chakudya. Tinamva nangumi maola awiri. Kumuona ayi.

Kenako anatulukira kamodzi, patali ndithu, ndipo nthawi imeneyo a Hannelore anali kuchimbudzi. Potuluka anapeza anthu akuwomba m'manja, madzi ali phee. Anakhala pabenchi, kamera pamiyendo, nayamba kulira mopanda manyazi. Anandiuza kuti zaka zisanu ndi zinayi akhala akutumiza thandizo la Gustav, koma chibadwire sanaonepo nangumi wamoyo. Anandimvetsa chisoni kwambiri, moti ndinawapatsa kansalu kanga kopukutira kumaso.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti azibambo awiri aja sakuoneka.

Ndinawapeza kuseri kwa chipinda cha woyendetsa, atakhala pabokosi la majekete, fulasiki ya khofi ili pakati pawo. Pepala la kamba linali lotsegula pamaondo a Bambo. A Dietmar ankatafuna atatsinzina, ngati munthu amene ali pakati pa pemphero. Pamwamba pa buledi wawo panali nyama yakuda, yowamba pa utsi, yodula mopyapyala. Nyama imeneyo ndimaidziwa kuposa dzina langa.

"Bambo!" ndinatero m'chinenero chathu. "Mwawapatsa chiyani?"

"Sindinawapatse. Anangoti maso tong'o pa buledi wanga ngati mphaka. Ukanafuna ndidye ndekha mlendo akuyang'ana?"

"Ndiye simunawauze kuti ndi chiyani?"

Analoza pakamwa pawo. "Ndinalonjeza."

A Dietmar anatsegula maso, nafunsa mwaulemu ngati inali ng'ombe kapena mphalapala. Bambo anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nyanja.

"Chonde," anatero a Dietmar akupukuta milomo, "a Hannelore asadziwe."

Tsono zinsinsi zinakhala ziwiri, zonse zili pamutu panga, boti likugwedezeka.

Woyendetsa analengeza kuti tidikira mphindi khumi, zikakanika tibwerera. Anthu onse amene anali ndi mphamvu anaunjikana mbali ya kumanja, kumene nangumi uja anamira. Bambo anapinda pepala lawo, naliika m'thumba, nayang'ana wotchi. Pamenepo ndinakumbukira kuti chimirire nangumi uja anali akungosuzumira wotchi yomweyo. Anadzuka, nakweza mphuno m'mwamba, nayang'ana mmene madzi ankayendera. Kenako anapita kwa a Hannelore, nawagwira pachigongono, nawakokera kutsogolo kwa boti, mbali ya kumanzere kumene kunalibe munthu.

"Imani apa, mayi."

"Koma onse ali uko!"

"Asiyeni. Imani apa."

Galu wamkota sakandira pachabe. Sipanathe mphindi ziwiri, madzi anang'ambika pafupi kwambiri moti ndinabwerera m'mbuyo. Chinthu chakuda, chamakwinya, chachitali kuposa basi chinayandama, chinapemerera nthunzi cham'mbali, ndipo mphepo inatibweretsera fungo la m'kamwa mwake, la nsomba zowola sabata yatha. A Hannelore anakokera fungo limenelo m'mapapo ngati ndi maluwa. Anakweza kamera.

"Musajambule," anatero Bambo. "Umenewo ndi msana chabe, aliyense ali nawo. Wakhala pansi mphindi makumi atatu, ndiye apuma pafupifupi ka makumi atatu. Mphindi imodzi, mpweya umodzi. Ndiwerenga ndine, inu mungodikira mchira."

Anayamba kuwerenga chapansipansi. Anthu ena onse anathamangira mbali yathu, akulizaliza makamera pa msana wopanda ntchito. Ine sindinkayang'ananso nangumi, ndinkayang'ana Bambo. Anali ataima pamwamba penipeni pa mabawuti anayi aja, miyendo atatangadza, maondo atapinda pang'ono, boti likukwera ndi kutsika koma mutu wawo osasuntha. Diso lamanzere linali lotsinzina. Dzanja lamanja linali litafumbata mphepo pamalo pamene pankakhala chogwirira. Iwo eni sankadziwa n'komwe.

Nangumi anapinda msana.

"Tsopano!"

Mchira unatuluka wathunthu, waukulu ngati chitseko cha galaja, madzi akuyoyoka, unaima kaye pang'ono ngati ukudziwa ntchito yake, kenako unalowa mwakachetechete. Kamera ya a Hannelore inalira kamodzi.

A Hannelore anawagwera Bambo m'khosi, nawapsompsona pa ndevu, misozi ili mbwembwembwe. Bwenzi zitathera pomwepo tikanapita kwathu tonse okondwa. Koma asewere anga ali ngati ine, chisangalalo chimawamasula lilime.

"Ndiye taganizani," anatero mokweza, akutembenukira anthu onse, "kuti m'dziko lomwe lino muli anthu amene amawombera zolengedwa zimenezi! Anthu? Si anthu amenewo. Ndi zilombo zopanda mtima, amayi awo akanangopita padera!" Anagwira dzanja la Bambo. "Inu a Oddmund, amene mumawadziwa chonchi, amene mumawakonda chonchi, tanenani. Ndikunama?"

Windo la woyendetsa linali lotsegula, ndipo mutu wa dazi unali pomwepo. Bambo anavula chipewa chatsopano chimene ndinawagulira. Anandiyang'ana ine kamodzi, kenako anayang'ana nsapato zawo.

"Simukunama, mayi."

"Ndi zilombo, eti?"

"Ndi zilombo, mayi."

Bambo anga ndinawaona akuika mayi anga m'manda mutu uli chilili. Ndinawaona akubwera kunyumba zala ziwiri zitaphwanyika, akuimba nyimbo. Sindinawaonepo atazolika chonchi, chipewa m'manja ngati mwana wasukulu wogwidwa akuba, ndipo amene anawazolikitsa ndinali ine. Mtima unandiwawa kenako unapsa, ndipo mtima wanga ukapsa pakamwa sipapempha chilolezo.

"Asewere," ndinatero, "tachotsani dzanja lanu pa chilombocho, chingakulumeni."

Anandiyang'ana osamvetsa.

"Mukuganiza kuti anadziwa bwanji kumene nangumi atulukire? Analota? Pamene mwaimapo m'pamene pankakhala mzinga, mabawuti ake ndi awo pansi pa nsapato zanu. Bambo anga awa awombera anangumi mazana anayi ndi atatu, ndipo aliyense amamukumbukira tsiku lake ndi malo ake, pamene inu Gustav wanuyo mutakumana naye pamsewu simungamudziwe. Anandilera ndi nyama imeneyo. Mano okongola a Eilif amene mwana wanu anagwa nawo m'chikondi anawongoledwa ndi nangumi. Mdzukulu wanu ali m'mimbamo ndi magazi a chilombo chimenechi. Ndipo poti tayamba kuulula, amuna anu adya magawo atatu a nangumi kuseri uko, akutsinzina ndi kukoma!"

Boti lonse linangoti zii. Ngakhale osanza aja anayamba aleka.

"Anayi," anatero a Dietmar ndi mawu aang'ono. Ajeremani pa nkhani ya manambala safuna zolakwika.

Ulendo wobwerera unatenga ola ndi theka. Titafika padoko a Hannelore anadutsa mwana wawo osamuyang'ana, nakalowa m'chigalimoto chawo, nakiya chitseko, a Dietmar atatsala panja ngati katundu woiwalika. Wiebke anangoona nkhope yanga n'kuyamba kulira. Eilif sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Maola asanu, Mama," anatero. "Agogo akwanitsa."

Panjira yonse yobwerera kwathu, pagalimoto ndi pa sitima yowolotsa, Bambo sananene kanthu kupatula kundiuza kuti ndikuthamanga kwambiri. Milungu itatu inadutsa a Hannelore osayankha foni ya mwana wawo. Wiebke anachotsa mpando wa mayi ake pa ndondomeko ya matebulo, naubwezera, nauchotsanso. Ine ndinalemba kalata yopepesa kanayi, ndipo kanayi konse pofika pakati inkasanduka ndewu, ndiye ndinkaing'amba. Ndinkachita manyazi, koma ndikakumbukira chipewa chija m'manja mwa Bambo, manyaziwo ankatha n'kubweranso mkwiyo.

Kutatsala masiku khumi kuti ukwati uchitike, kunabwera envulopu yaikulu yochokera ku Germany, ya Bambo. Anaitsegula ndi mpeni wosendera mbatata. M'kati munali satifiketi ya mphepete zagolide, yonena kuti a Oddmund a ku Skrova tsopano ndi kholo la nangumi wamkazi dzina lake Rosalinde. Munalinso chithunzi cha mchira uja, chakuthwa moti madontho a madzi ankawerengeka, ndi kakalata kamene ndinawawerengera.

"Ku ukwati ndibwera, chifukwa cha mwana wanga. Sindinakukhululukireni. Uyu ndi woyamba, atsala mazana anayi ndi awiri, ndipo ndizikutumizirani mmodzi chaka chilichonse. Chithunzi chinatuluka bwino. A Gunnvor asakhale tebulo limodzi ndi ine."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti mayiyu akufuna ndikhale moyo zaka mazana anayi. Dokotala wanga sanandifunirepo zabwino chonchi."

Ndinaimbira Eilif, ndipo ndinamva Wiebke akukuwa ndi chimwemwe chapatali. Nditaika foni pansi ndinakhala pampando.

Bambo anali atapita kale kukatenga hamala. Anasankha malo pabalaza, pafupi ndi chithunzi chawo chakale ali kuseri kwa mzinga, anyamata okhaokha atazungulira, nandiitana kuti ndidzawagwirire msomali chifukwa zala zawo ziwiri zija sizipinda.

"Pepani, Bambo," ndinatero ndikuyang'ana khoma. "Ndinakutsekani pakamwa, kenako ndinaphwanya ndekha."

"Amene analonjeza ndine. Iwe sunalonjeze kanthu."

Anayeza ndi hamala, koma sanamenye.

"Ukudziwa chimene ndinavomerera mayi uja?" anatero. "Si Eilif ayi. Eilif ndi mwana, akanalira n'kuiwala. Koma tsiku lija unandivula juzi, n'kundichotsera dzino ku makiyi, n'kundinunkhiza chipewa. Ndinati kapena mwana wanganso amaganiza chomwecho, kungoti sananenepo. Ndiye mayi uja atafunsa, ndinati ngati Gunnvor akuvomereza, ndine yani ine kuti nditsutse."

Ndinafuna kunena zambiri, ine amene mawu sandithera, koma Bambo anandidula mawu.

"Ndinamva yankho lako," anatero. "Boti lonse linamva, ndi nangumi yemwe pansi pa nyanja. Tsono leka kunjenjemera, gwira bwino msomaliwo ndingakuphwanye chala."